Zimene Mndandanda Umadziwa

Mu database ya kopaletivi ya alimi imene ndimaisamalira, kunja pang'ono kwa Chipata mbali ya msewu wa ku Lundazi, mlimi aliyense ndi mzere umodzi. Pa mzerepo pali dzina, nambala ya NRC, mudzi, nambala ya foni, kukula kwa munda, matumba a feteleza amene anatenga pa ngongole, ndi makilogalamu a nshawa kapena soya amene anabweretsa pa sikelo. Ndi zomwezo basi. Kale zonsezi zinkakhala m'buku lalikulu la chikuto cholimba limene mlembi ankalikulunga m'pulasitiki kuopa mvula ndi chiswe, ndipo pozisamutsira pa kompyuta sitinawonjezepo kanthu.

Koma maso oyang'ana mzere umodziwo ndi ambiri, ndipo aliyense ali ndi chake chimene akufuna. Msungichuma amafuna ngongole yotsala, yolembedwa bwino ndi K kutsogolo, mangwee kumapeto. Mlangizi wa zaulimi amafuna mahekitala ndi mbewu imene inadzalidwa. Za ngongole si zake. Wogula nshawa wa m'tauni amafuna kudziwa ngati katundu wakwana kuti atumize lole, ndipo dzina la mlimi sayenera kuliona n'komwe. Mlimi mwiniwake akabwereka foni ya mwana wake amafuna kuwerenga m'chilankhulo chimene amalankhula kunyumba, osati Chingerezi cha ku banki.

Ife olemba mapulogalamu a pa intaneti funso lathu la tsiku ndi tsiku ndi lakuti kusiyana konseku tikuike pati. Pali malo awiri amene dzanja limathamangirako. Oyamba ndi mu model, kachigawo ka pulogalamu kamene kamayimira mzere wa mu database. Lero uwonjezera kanjira kolembera ndalama, mawa kobisa manambala a NRC, mkuja kosankha mtundu wofiira ngati ngongole yadutsa nthawi yake. Chaka chisanathe model ya mlimi yatupa, ikudziwa zambiri za mitundu ya pa sikirini kuposa za ulimi, ndipo aliyense akuopa kuikhudza. Malo achiwiri ndi patsamba penipenipo, pakati pa HTML. Kumeneko matenda ake ndi kubwereza: lamulo limodzi lalembedwa pa masamba ambirimbiri, ndipo tsiku lolisintha pamakhala tsamba limodzi limene laiwalika, limene limapitiriza kuonetsa zakale mpaka wina atadandaula.

Njira yachitatu inafotokozedwa bwino m'buku la Design Patterns la mu 1994, lolembedwa ndi anthu anayi, Erich Gamma, Richard Helm, Ralph Johnson ndi John Vlissides. Iwo anasonkhanitsa njira 23 zimene akatswiri ankazigwiritsa ntchito mobwerezabwereza, ndipo ina mwa izo ndi decorator. Ganizo lake ndi lalifupi. Chinthucho usachisinthe, koma uchikulunge m'chinthu china chimene chimayankha mafunso onse amene cham'katicho chimayankha. Funso limene chokulungacho chilibe nalo ntchito chimangolipititsa m'kati n'kubweretsa yankho monga lilili. Funso limene chili nalo ntchito chimaliyankha mwa njira yakeyake. Zili ngati chitenje: mayi mmodzi yemweyo amamanga chitenje china popita kumaliro, china kutchalitchi, china kumunda. Omuona panjira amadziwa kumene akulowera, koma dzina lake, ana ake ndi ngongole zake sizinasinthe chifukwa cha nsaluyo, ndipo akafuna amamanga chitenje china pamwamba pa chinzake.

Mapulogalamu a pa intaneti atachuluka, ganizoli linapeza ntchito yatsopano. Martin Fowler, m'buku lake la mu 2002, anafotokoza njira imene anaitcha Active Record, mmene chinthu chimodzi cha mu pulogalamu chimayimira mzere umodzi wa mu tebulo ndipo chimadziwa kudzisunga chokha. David Heinemeier Hansson anatulutsa Ruby on Rails mu 2004 itamangidwa pa maziko amenewo. Django inatuluka mu 2005, ndipo Laravel ya Taylor Otwell, imene ndimaiona kwambiri m'manja mwa achinyamata ophunzira kuno chifukwa chilankhulo chake, PHP, chimayenda pa seva yotsika mtengo, inabwera mu 2011. Zida zonsezi zimakupatsa mzere m'manja mosavuta, ndipo kuphwekako ndi kumene kumakopa munthu kuti aunjikire zonse pamenepo. Ogwiritsa ntchito Rails anapanga chida chotchedwa Draper kuti zoonetsa zikhale pazokha, zosunga pazokha.

Chimene chinandikokera ku njira ya decorator ndi ndalama. Pa 1 Januwale 2013 dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa kwacha, ndipo K1,000 yakale inasanduka K1. Buku la kopaletivi lili ndi ngongole za m'mbuyo mwa tsiku limenelo. K250,000 ya mu 2012 ndi K250 ya lero. Munthu angathe kungogawa mizere yonse yakale ndi 1,000 kamodzi n'kuiwala, ndipo m'maofesi ambiri zimenezo n'zokwanira. Ine sindinafune kutero. Nambala imakhala mmene inalembedwera, pamodzi ndi tsiku lake ndi chizindikiro chake, ZMK kapena ZMW, ndipo decorator ndi imene imaitembenuza pa nthawi yoionetsa. Ubwino wake umaoneka agogo akabwera ndi lisiti lakale lopindapinda, inki itazilala, polembedwa 250,000. Mlembi amatha kuwaonetsa pa sikirini nambala yomweyo imene ili m'manja mwawo, n'kuwaonetsanso pambali pake mtengo wake wa lero. Agogowo amachoka atakhutira kuti makina sanawadyere ndalama, chifukwa aona ndi maso awo kuti zimene zinalembedwa zikadalipo.

Ndi mmenenso zilili ndi maboma. Mu 2018 Chipangali ndi Kasenengwa anapatulidwa kuchoka ku Chipata n'kukhala maboma paokha. Mlimi amene analembetsa kale monga wa boma la Chipata sanasamuke, munda wake uli pomwe unali, koma lipoti la lero liyenera kumuika kwina. Mzere wake sindiufufuta. Lipoti la chaka chino limakulunga mzerewo n'kuyankha boma latsopano, la zaka zakale limayankha lakale.

Mpaka apa nkhaniyi ndi ya mzere umodzi, ndipo mabuku ambiri amathera pomwepa. Koma pa intaneti munthu saona kawirikawiri mzere umodzi. Amaona mndandanda: alimi onse a m'mudzi uno, onse amene ali ndi ngongole, onse amene abweretsa katundu sabata ino. Apa ndi pamene ntchito yeniyeni imayambira, ndipo apa ndi pamene ndimaona mapulogalamu ambiri akupunthwa.

Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi kutenga mndandanda, kuyenda mzere ndi mzere, kukulunga uliwonse, n'kupereka mulu wa zokulungidwazo ku tsamba. Pa kompyuta ya wolemba pulogalamu, imene ili ndi alimi khumi ongoyeserera, zimayenda bwino kwambiri. Chovuta n'chakuti chimene Rails kapena Django imakupatsa ukafunsa alimi sichikhala mulu wa mizere ayi. Chimakhala funso limene silinafunsidwebe. Limadikira, ndipo pamene likudikira ungathe kuliwonjezera kuti usefe a mudzi wakutiwakuti okha, usanje motsatira dzina, utenge 25 oyamba okha. Limapita ku database pokhapokha wina akafunadi mizereyo. Ukangoyenda mzere ndi mzere kuti ukulunge, walikakamiza kuti lipite nthawi yomweyo, ndipo chimene watsala nacho ndi mulu wamba umene sungasefedwenso ku database. Ngati unakulunga usanadule, ndiye kuti wakokera alimi onse mu seva kuti uonetse 25.

Pali chinanso chimene chimatayika. Mndandanda wodulidwa m'masamba umadziwa kuti uli pa tsamba lachingati, masamba onse ndi angati, ndipo lililonse limatenga mizere ingati. Mulu wamba sudziwa zimenezi. Ogwiritsa ntchito Draper pamodzi ndi Kaminari, chida chodulira masamba, amalidziwa bwino vutoli: timanambala ta pansi pa tsamba timasowa kapena pulogalamu imagwa, mpaka utauza chokulunga cha mndandanda kuti mafunso monga current_page ndi total_pages chizingowapititsa kwa mndandanda weniweni umene uli m'kati.

Ndipo pali matenda amene timawatcha N+1. Decorator ya mlimi ikufuna kuonetsa dzina la mudzi, koma midzi ili mu tebulo ina. Mlimi aliyense wokulungidwa amapita yekha ku database kukafunsa mudzi wake. Funso limodzi la mndandanda, kuwonjezerapo limodzi pa mzere uliwonse: alimi 25 ndi mafunso 26, alimi 3,000 ndi mafunso 3,001. Decorator imabisa zimenezi bwino kwambiri, chifukwa patsamba pamangolembedwa mawu amodzi ooneka osalakwa. Mankhwala ake alipo, includes mu Rails, select_related mu Django, with mu Laravel, koma ayenera kumwedwa pa mndandanda, mizere isanakulungidwe. Mzere paokha sungadzichiritse.

Ku Lusaka, mu ofesi ya intaneti yothamanga, kuchedwa kwa masekondi angapo munthu amangokupirira. Kuno n'kosiyana. Nyengo yogulitsa, mwezi wa Juni kapena Julayi, pa depoti pamakhala njinga zotsamira pakhoma, ngolo ziwiri zitatu, ndi anthu okhala pa matumba awo kuyambira m'mamawa. Mlembi ali ndi laputopu pa thebulo lamatabwa, intaneti akuitenga pa foni imene waiika pa windo pomwe netiweki imagwirako, ndipo bandulo wagula ndi ndalama ya kopaletivi. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, moti batire ya laputopuyo inali chuma chosamalidwa. Tsamba likachedwa kutseguka, mzere wa anthu suyenda, batire ikutha, ndipo mayi wa mwana kumsana amene wachokera kutali amayamba kuyang'ana dzuwa. Tsiku lina mlembi anandiimbira n'kunena kuti, "Achimwene, chinthu chanu chikungozungulira, anthu ayamba kung'ung'udza kuno." Kwa ine N+1 ili ndi nkhope imeneyo.

Choncho mndandanda uyenera kukhala ndi chokulunga chakechake. Mu Draper chimatchedwa CollectionDecorator, ndipo Laravel ili ndi chofanana nacho chotchedwa ResourceCollection. Chimagwira mndandanda wonse monga chinthu chimodzi, chimasunga nzeru zake za masamba, ndipo mizere ya m'kati imakulungidwa mndandanda utasefedwa ndi kudulidwa kale. Koma chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti chimapereka malo oyenera kwa mafunso amene si a mlimi aliyense payekha. Makilogalamu onse pamodzi ndi angati? Ndi angati amene amaliza ngongole? Ngati mndandanda uli wopanda kanthu tilembe chiyani, kuti mlembi adziwe kuti palibedi amene wabweretsa katundu, osati kuti makina afa? Palibe mzere umene ungayankhe zimenezi, chifukwa mzere sudziwa anzake.

Ngakhale pamenepa pali dzenje limene ndimachenjeza nalo aliyense amene ndikumuphunzitsa. Chokulunga chikawonkhetsa mizere imene ili m'manja mwake, chimawonkhetsa 25 a pa tsamba lokhalo. Msungichuma akaona nambala pansi pa tebulo amaganiza kuti ndi ya onse, n'kuilemba m'lipoti la ku msonkhano waukulu. Chiwonkhetso cha onse chiyenera kufunsidwa ku database, pa mndandanda usanadulidwe, ndipo patsamba pazilembedwa momveka kuti nambala iyi ndi ya tsamba lino, iyi ndi ya onse. Kopaletivi imaima pa kukhulupirirana, ndipo nambala imodzi yosamveka pa msonkhano ikhoza kuchititsa munthu woona mtima kutchedwa wakuba.

Nkhani imene inandisintha maganizo kotheratu sinachokere m'buku lililonse. Tinkakonza tsamba la ogula. Decorator ya mlimi aliyense inali itachita ntchito yake: dzina labisika, NRC yabisika, foni yabisika. Wogula ankangoona mudzi, chiwerengero cha alimi, ndi matumba onse pamodzi. Ndinawaonetsa atcheya, mayi wachikulire amene wakhala m'kopaletivimo kuyambira masiku a buku la chikuto cholimba lija. Anavala magalasi, anatsitsa chala pang'onopang'ono pa sikirini, ndipo anaima pa mudzi wina wa mlimi mmodzi yekha.

"Mwana wanga, apa mwabisa chiyani? M'mudzi umenewu ndani sadziwa amene amalima nshawa?"

Ndinati, "Amayi, dzina silikuoneka."

"Dzina silikufunika. Matumba 40 awa ndi a mayi wamasiye, ndipo aliyense woona apa adziwa kuti sabata yamawa m'nyumba mwake muli ndalama."

Ankanena zoona zimene aliyense wokulira kumudzi amazidziwa. Zikamveka kuti wagulitsa matumba ochuluka, abale amayamba kubwera ndi mavuto awo, amene unawakongola kale amakumbukira, ndipo akuba nawonso ali ndi makutu. Kwa mayi wokhala yekha ndi ana, nkhani imeneyi si yaing'ono. Mzere uliwonse unali utabisa zonse zimene ukanatha kubisa, komabe munthu ankaoneka poyera. Mzere sungadziwe kuti uli wokha. Chimene chingadziwe kuti gululi lachepa kwambiri moti chiwonkhetso chasanduka dzina la munthu ndi mndandanda wokha. Akatswiri owerengera anthu ndi a zaumoyo amalidziwa kale vutoli, n'chifukwa chake m'malipoti ambiri timanambala tating'ono kwambiri sasindikiza. Ndimaganizira za mindandanda ya m'zipatala, kumene zolembedwa za odwala zimasungidwa mu SmartCare ndipo ziwerengero zimapita mu DHIS2, pulogalamu ya ku yunivesite ya Oslo. Kumeneko munthu mmodzi wa matenda akutiakuti m'kamudzi kakang'ono akhoza kuululika ndi nambala yokha, ndipo mtengo wake ndi waukulu kuposa wa nshawa.

Zambia ili ndi lamulo loteteza zokhudza munthu, Data Protection Act ya mu 2021, ndipo kopaletivi yosunga ma NRC ndi manambala a foni a anthu ili ndi udindo pa zimenezo monganso makampani akuluakulu. Koma ndinene mosapita m'mbali kuti decorator si loko. Imasintha zimene zikuoneka, siletsa munthu kufika pa zimene zasungidwa. Ngati wogula sayenera kuona mizere ina, funso lopita ku database liyenera kuisiya kunja kuyambira pachiyambi, ndipo chilolezo chiyenera kufufuzidwa tsamba lisanayambe kumangidwa. Ndaonapo mapulogalamu amene patsamba abisa bwinobwino, koma JSON yotumizidwa ku foni yanyamula mzere wonse mmene ulili, wosakulungidwa, woti aliyense wodziwa pang'ono angauwerenge. Khomo lililonse lotulukira liyenera kudutsa pa chokulunga chomwecho.

Pali anzanga amene sagwirizana nane. Amati zonsezi ndi kuchulutsa mafayilo, ndipo kanjira kakang'ono kothandizira patsamba n'kokwanira. Pa tsamba limodzi, la woonera mmodzi, akunena zoona, ndipo inenso sindikulunga chilichonse chimene ndachiona. Zokulunga zikachuluka, china pamwamba pa china, wofufuza vuto amasochera posadziwa kuti yankho lachokera pa chiti. Mzere wokulungidwa nthawi zina umasokonezanso mbali zina za pulogalamu zimene zimafuna mzere weniweni, monga fomu yosinthira zolembedwa, n'chifukwa chake ndimakulunga kumapeto kwenikweni, zinthu zikupita kukaonetsedwa. Koma pamene oonera afika atatu kapena anayi, aliyense ndi ufulu wake, kapena pamene mndandanda uli ndi mafunso akeake, sindikayikanso. Ndimaganiziranso amene adzatenge ntchitoyi ine ndikadzachoka, mwina wachinyamata wongomaliza kumene koleji. Akadzafunsidwa chifukwa chake wogula saona mudzi wakutiwakuti, ndikufuna adzatsegule fayilo imodzi yaifupi n'kupeza lamulolo litalembedwa pamalo amodzi, ndi mawu ofotokoza amene anagamula ndi chifukwa chake.

Lamulo lobisa midzi ing'onoing'ono pa tsamba la ogula si ndine amene ndinaligamula. Tinalipititsa ku komiti, ndipo anakambirana nthawi yaitali, ena akuti alimi atatu akwanira, ena akuti m'mudzi anthu amadziwana minda moti atatu n'chimodzimodzi mmodzi. Anagwirizana kuti mudzi wa alimi osakwana 5 uziphatikizidwa ndi midzi yoyandikana nayo, ndipo nambala imeneyo inalowa mu chokulunga cha mndandanda wa ogula, kumene komiti ingaisinthe tsiku lililonse popanda kukhudza mzere wa mlimi ngakhale umodzi. Wogula wina anadandaula kuti tsopano sadziwa kotumiza lole. Tinamuyankha kuti lole sipita kumudzi, imapita ku depoti, ndipo tinamuwonjezera chiwonkhetso cha depoti iliyonse, chimene ndicho ankafunadi.

Patsala mpata umodzi umene mlembi anautulukira. Wogula wochenjera akaona chiwonkhetso cha lero n'kuchotsapo cha dzulo, ndipo chiwerengero cha alimi chakwera ndi mmodzi, wadziwa matumba a munthu mmodzi ameneyo. Akafunsa wa njinga aliyense pa depoti amuuza amene anabwera dzulo. Mndandanda wa lero sudziwa zimene mndandanda wa dzulo unaonetsa, choncho chokulunga pachokha sichingatseke mpata umenewu. Pakali pano tsamba la ogula timalisintha kamodzi pa sabata, Lachisanu madzulo, pamene alimi obweretsa katundu achuluka mokwanira. Ogula akufuna kuti lizisintha tsiku ndi tsiku, ndipo nkhaniyi yalembedwa kale pa zokambirana za msonkhano wa komiti wa mwezi wamawa.